Mtsinje wobisika m'dzina la Mhebri

M'nyengo yothyola fodya, nyumba za mapemphero za kwa Chisemphere zimachedwa kudzaza. Anthu amayamba adzera kaye ku chigafa kukaona ngati mvula ya usiku sinadonthere pa mikangala, kenaka n'kukachapa manja omata utomoni wa masamba. Mkulu wa mpingo akaimirira kutsogolo, n'kutsegula Baibulo lachikuto chakuda limene mapepala ake anafiira m'mphepete, amalengeza kuti mawu a lero achokera m'kalata ya kwa Ahebri. Papepala palembedwa choncho, Ahebri, koma m'kamwa mwake mumatuluka "Aheberi". Palibe womukonza. Lilime la Mchewa silikonda kuti b ndi r zigundane popanda kanthu pakati pake, choncho limaponyapo e n'kupitiriza ulendo. Poti kuno ndi kumpoto kwa Kasungu, kumene Chichewa ndi Chitumbuka zimadyera m'mbale imodzi, mayi amene wakhala pa benchi lakumbuyo akhoza kukhala atatsegula lake Baibulo lolembedwa kuti Ŵahebere.

Dzinali aliyense amalidziwa, koma tanthauzo lake silifunsidwa. Limangokhala ngati Afilisti kapena Amowabu, mtundu wina wa m'Baibulo basi. Chikhalirecho m'kati mwake muli mtsinje, ndipo zimene omasulira akhala akuchita ndi mtsinje umenewu kwa zaka zoposa 2,000 zimaonetsa bwino momwe luso lawo limayendera, pamene limapambana ndi pamene limatayira madzi panjira.

Mawu a Chigiriki amene ali m'Chipangano Chatsopano ndi Hebraios. Si mawu obadwira m'Chigiriki. Agiriki anawatola pakamwa pa anthu olankhula Chiaramu, ndipo Chiaramu chinawatenga ku Chihebri, kumene munthu mmodzi amatchedwa Ivri. Muzu wake ndi zilembo zitatu zotanthauza kuwoloka kapena kudutsa, ndipo kuchokera ku muzu womwewo kumabwera mawu otanthauza tsidya la mtsinje. Chilembo choyamba, chotchedwa ayin, chimatchulidwira kukhosi, ndipo Agiriki analibe chilembo cha mtundu umenewo. Mipukutu yakale kwambiri ya Chigiriki inkangoyamba dzinali ndi E. Kachizindikiro kosonyeza kupuma kwa h kanayamba kulembedwa pambuyo pake, Chilatini chinakhazikitsa Hebraeus, ndipo h ameneyo anayenda ndi zinenero za ku Ulaya mpaka kudzafika ku Mvera ndi ku Nkhoma. Akatswiri awiri a ku Cambridge, Westcott ndi Hort, potulutsa Chipangano Chatsopano chawo cha Chigiriki mu 1881 anamukana h ameneyu, ponena kuti ayin si h. Chiswahili nacho chilibe: kumeneko kalatayi ndi ya Waebrania. Chishona chinamusunga, VaHebheru.

Kachilembo kamodziko kamabisa chibale. M'Genesis chaputala 10 ndi 11 muli kholo lina la Abrahamu lotchedwa Ebere. M'Chihebri, Ebere ndi Ivri ndi a nyumba imodzi, munthu amaona ndi maso kuti zilembo zake ndi zomwezo. M'Chichewa wina ayamba ndi E, wina ndi H, ndipo wowerenga amawadutsa ngati anthu osadziwana.

Malo oyamba amene dzinali limapezeka m'Baibulo ndi Genesis 14:13. Kwachitika nkhondo ya mafumu, Loti wagwidwa, ndipo munthu wina wopulumuka athamangira kukauza Abramu, amene pamenepo akutchedwa Mhebri. Ayuda a ku Alexandria amene anamasulira mabuku a Mose m'Chigiriki m'zaka za m'ma 200 Khristu asanabadwe, ntchito imene tsopano imatchedwa Septuagint, atafika pa vesili anachita chinthu chimene sanachitenso pena paliponse m'mabuku amenewo. Sanalembe Hebraios. Analemba perates, kutanthauza wowoloka, munthu wochokera kutsidya. Mtsinje wake ndi Firate, umene buku la Yoswa chaputala 24 limati makolo a Aisraeli ankakhala kutsidya kwake. Koma atafika pa nkhani ya Yosefe, imene ili m'buku lomwelo la Genesis, omasulira omwewo anasiya kumasulira n'kuyamba kungokopera dzina: Hebraios.

N'chifukwa chiyani anasintha? Zikuoneka kuti anaganiza bwino. Pa nthawi ya Abramu kunalibe mtundu woti n'kutchedwa Ahebri, kunali munthu mmodzi ndi banja lake ndi ziweto zake, womanga mahema pafupi ndi mitengo ya mwini malo wotchedwa Mamre. Kwa anansi ake, iye anali wakutsidya uja. Pofika nthawi ya Yosefe ndi Mose, mawuwa anali atauma n'kusanduka dzina la anthu. Womasulira wa ku Alexandria anamva kusiyana kumeneku ndipo analimba mtima kukulemekeza, ngakhale kuti potero anadula chingwe cholumikiza Abramu ndi zidzukulu zake. Jerome, pomasulira m'Chilatini cha m'ma 400, anachilumikizanso chingwecho polemba Hebraeus pa Abramu yemwe, ndipo pafupifupi onse obwera m'mbuyo mwake anatsata iye.

Munthu wa kwa Chisemphere sangavutike kumva zimene perates amatanthauza. Kuti akafike ku boma la Kasungu kapena kukaona mabelo ake ku okushoni ya Chinkhoma, amawoloka Dwangwa, mtsinje umene dzina lake linkamveka kawirikawiri pa mkangano wa malire wa masinodi a Nkhoma ndi Livingstonia. Amadziwanso kuti "wakutsidya" si dzina limene munthu amadzipatsa yekha. Amakupatsa ndi amene wawapeza.

M'Chipangano Chakale zilinso chimodzimodzi. Dzina la Mhebri limapezekamo nthawi zopitirira pang'ono 30, pamene la Israeli limapezeka nthawi zoposa 2,000, ndipo kawirikawiri limatuluka m'kamwa mwa mlendo kapena mwa Mwisraeli amene akulankhula ndi mlendo. Mkazi wa Potifara ndiye amalitchula pomunamizira Yosefe, ndipo mwa kalankhulidwe kake mumamveka kunyansidwa. Mfumu ya ku Ejipito imalitchula polamula azamba, Sifira ndi Puwa. Afilisti amalitchula poseka adani awo akutuluka m'maenje amene anabisalamo, ndiponso poletsa kuti pasakhale wosula zitsulo pakati pawo. Malamulo a Mose amaligwiritsa ntchito pa nkhani imodzi yapadera, ya kapolo wachihebri, amene ayenera kugwira ntchito zaka 6 n'kumasulidwa m'chaka cha 7, ndipo Deuteronomo 15 amawonjezera kuti asachoke chimanjamanja.

Chifukwa cha zimenezi, akatswiri ena amakayikira ngati mtsinje ndi Ebere zikufotokoza zonse. Mu 1887 ku Amarna, m'dziko la Ejipito, kunapezeka makalata olembedwa pa mapale adothi, ochokera kwa mafumu ang'onoang'ono a ku Kanani m'zaka za m'ma 1300 Khristu asanabadwe. Mmodzi wa iwo, Abdi-Heba wa ku Yerusalemu, akudandaula mobwerezabwereza za anthu otchedwa Habiru kapena Apiru amene akum'landa malo. Dzinali limapezekanso m'zolemba za ku Mesopotamia ndi madera ena, ndipo silinkanena mtundu umodzi. Linkanena anthu opanda kwawo: othawa ngongole, aganyu, asilikali olembedwa ndi aliyense wolipira, akapolo osenza miyala. Ngati Habiru ndi Ivri ali mawu amodzi, nkhani imene akatswiri akukanganabe, ndiye kuti Mhebri poyamba silinali dzina la magazi koma la umoyo umene munthu akukhala.

Dera la fodya limawadziwa mayina otere. Mawu oti tenanti sanena mtundu, komabe m'maesiteti a Kasungu ankabwera ndi nkhope yake: munthu wochokera ku Mulanje, Phalombe, Thyolo kapena Mangochi, wobwera pa lole ndi mkazi ndi ana, wolandira chimanga pa ngongole n'kudikira kuti fodya akagulitsidwa aone chotsala. Lamulo la ntchito litasinthidwa mu 2021 utenanti unaletsedwa, koma mawuwo akadali m'kamwa mwa anthu. Alomwe amene anawoloka Ruo ndi madambo a Chilwa kuchokera ku Mozambique anapatsidwa ndi owapeza dzina loti Anguru, ndipo zinatengera bungwe lawo, lotsogozedwa ndi Lewis Bandawe m'zaka za m'ma 1940, kuti boma la atsamunda lisiye kulilemba. Bandawe yemweyo anali womasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe, choncho ankadziwa kulemera kwa dzina lolembedwa m'buku. Amalawi amene anawoloka Zambezi kupita ku migodi ndi m'mafamu a ku Zimbabwe anakatchedwa Mabhurandaya, kuchokera ku Blantyre, ngakhale ambiri a iwo Blantyre anangomudutsa.

Tsono omasulira a Chichewa anachita nalo chiyani dzinali? Buku Lopatulika, limene linasindikizidwa lathunthu mu 1922, ndi ntchito imene William Murray wa mishoni ya Adatchi anaitsogolera kwa zaka zambiri pa phiri la Kaso pafupi ndi Mvera, pamodzi ndi aphunzitsi achimalawi monga Jonathan Sande, Ismael Mwale ndi Wilibes Chikuse. Iwo anatenga njira ya Jerome, kukopera dzina, koma analiveka zovala zakuno. Apa Chichewa chinapambana Chigiriki popanda thukuta. Chipangano Chatsopano chimafuna mawu atatu osiyana: Hebraios wonena munthu, Hebrais wofotokoza chinenero, ndi Hebraisti wotanthauza kuti chinthu chanenedwa kapena chalembedwa m'chinenerocho. Chichewa chimangosintha mutu wa mawu: Mhebri, Ahebri, Chihebri, m'Chihebri, monga momwe chimachitira ndi Mchewa, Achewa, Chichewa. Mwana wa sukulu ya Sande amamva yekha popanda womufotokozera. M'makope akale mumapezeka Cihebri, chifukwa ch analowa m'malo mwa c ndi malamulo a kalembedwe a 1973, ndipo ku Zambia c akadalipo.

Pamene sanachite bwino ndi pa khutu. Mhebri ndi mawu a maso. M kugundana ndi h, b kugundana ndi r, zonsezo m'mawu amodzi aafupi, ndi katundu wolemera kwa munthu wowerenga mokweza, n'chifukwa chake ena amalemba Muhebri. Baibulo la Mboni za Yehova linatsata pakamwa pa anthu n'kulemba Mheberi ndi Aheberi, monga linachitira ndi Petulo ndi Abulahamu. Pa nkhani yokhayi ya katchulidwe, iwowo ndiwo analemba zimene mkulu wa mpingo uja amanena kale Lamulungu lililonse. Komabe amene anasunga Ahebri ali ndi chowiringula chomveka: dzina limene lakhala pa mndandanda wa mabuku kwa zaka 100, limene ana analoweza pamtima kuyambira Mateyu mpaka Chivumbulutso, silisinthidwa mwachisawawa.

Vuto lalikulu lili pa Chihebri. Mutu wa chi- umalonjeza kuti tikunena chinenero chimodzi chodziwika, koma Hebraisti wa m'Uthenga wa Yohane ndi woterera. Chipangano Chakale chomwe sichitchula chinenero chake kuti Chihebri: pa 2 Mafumu 18 chimatchedwa Chiyuda, ndipo pa Yesaya 19 chinenero cha Kanani. Woyamba wodziwika kulemba Hebraisti ndi mdzukulu wa Ben Sira, amene anamasulira buku la agogo ake ku Ejipito cha m'ma 132 Khristu asanabadwe, n'kupepesa m'mawu oyamba kuti zonenedwa m'Chihebri sizikhala ndi mphamvu yomweyo zikasamutsidwa. Yohane akamati malo ena amatchedwa Gabata kapena Gologota m'Chihebri, mayinawo ali ndi mathero a Chiaramu, chinenero chimene anthu wamba a ku Palestina ankalankhula masiku amenewo. Mawu amene Mariya wa Magadala anamuitanira Yesu kumanda, Raboni, nawonso ambiri amawawerengera ku Chiaramu. Koma m'Chivumbulutso, Abadoni ndi Armagedo ndi Chihebri chenicheni, ndipo mawu ofotokozera ndi omwewo, Hebraisti.

Mabaibulo ena a masiku ano amakonza zimenezi polemba Chiaramu m'mavesi a Yohane. Cholinga n'chabwino, koma apa womasulira walowa m'munda wa wolemba. Chigiriki chinali nawo mawu onenera Chiaramu, Syristi, amene Septuagint imawagwiritsa ntchito, ndipo Yohane sanawasankhe. Kwa iye zonse zinali chinenero cha kwawo kwa Ayuda, kusiyana ndi Chigiriki ndi Chilatini zimene zinalembedwa nacho pamodzi pa chikwangwani cha pamtanda. Munthu wa ku Lusaka akati mnzake walankhula Chinyanja, safunsa ngati chinali Chichewa cha ku Katete kapena Chinsenga cha ku Petauke chosakanizika ndi cha m'tauni. Kusunga Chihebri pamenepa ndi kusunga momwe Yohane ankaonera zinthu.

Pa Machitidwe 6:1 nkhani itembenuka, ndipo kukopera dzina kumasocheretsa. Hebraios, wonena munthu, amapezeka m'mavesi atatu okha m'Chipangano Chatsopano chonse, ndipo ili ndi limodzi. Mpingo wa ku Yerusalemu wakula, chakudya chikugawidwa tsiku ndi tsiku, ndipo gulu lina likudandaula kuti amasiye awo akudumphidwa. Aliyense amene anaimapo pa mzere wa chimanga cha chithandizo, n'kumva mayina akuitanidwa mpaka pepala kutha lake osamveka, amadziwa momwe kung'ung'udza kotere kumayambira. Odandaulawo Luka, wolemba bukuli, amawatcha Hellenistai, odandauliridwawo Hebraioi. Womvera m'tchalitchi akangomva mayina awiri achilendo amaganiza kuti ndi mitundu iwiri, Agiriki ndi Ayuda. Si choncho. Onse anali Ayuda, onse anali okhulupirira. Ena anakulira kunja n'kumapemphera m'Chigiriki, ena anakulira kumudzi n'kusunga chinenero cha makolo. Ndi nkhani ya matchona obwerera kwawo ndi ana osadziwa chinenero cha agogo awo. Amuna 7 amene anasankhidwa kuti akonze zinthu, kuyambira Stefano ndi Filipo mpaka Nikolao wa ku Antiokeya, onse ali ndi mayina a Chigiriki, zomwe mwina zikusonyeza kuti ntchito inaperekedwa kwa mbali yodandaulayo. Womasulira amene amalemba kuti Ayuda olankhula Chigiriki ndi Ayuda olankhula chinenero cha kwawo watalikitsa vesi, koma wapulumutsa nkhani. Njira yotereyi, yofuna tanthauzo m'malo motsata mawu amodziamodzi, ndi imene inatsogolera Buku Loyera la 1998, limene Akatolika ndi Apulotesitanti anagwirira pamodzi, lomwenso linalimba mtima kulemba Chauta pamene Buku Lopatulika linalemba Yehova.

Taonani tsono kumene dzinali lafika. M'kamwa mwa mkazi wa Potifara linali chitonzo cha wobwera. M'kamwa mwa Paulo, pa Afilipi 3:5 ndi 2 Akorinto 11:22, lasanduka chonyadira: iye, ngakhale anabadwira ku Tariso, akuti ndi Mhebri wa mbali zonse, wosasukuluka. Kuno kumene chikamwini cha Achewa chimakumana ndi malowolo a Atumbuka, ndipo mwana akhoza kufunsidwa ngati ali wa kwa mayi kapena wa kwa bambo, mawu a Paulo amamveka msanga: iye akuti funsani kulikonse, yankho ndi limodzi. Wakutsidya uja tsopano ndiye mbadwa. Ku Korinto komweko, ofukula zakale anapeza mu 1898 mwala wa pamwamba pa khomo wokhala ndi zilembo zotsala za mawu oti sunagoge wa Ahebri, umboni woti Ayuda ena a kumeneko, ngakhale mwina patapita zaka Paulo atamwalira, anasankha okha dzinali. M'Chitaliyana ndi m'Chirasha, mawu ochokera ku Hebraios ndiwo mawu wamba onenera Myuda mpaka lero.

Nayo kalata imene mkulu wa mpingo anatsegula ili ndi zodabwitsa zake. M'kati mwake monse mulibe mawu oti Mhebri ngakhale kamodzi. Mutuwo unaikidwa ndi okopera, ndipo umapezeka kale pa gumbwa lotchedwa P46, la cha m'ma 200. Kalata ya kwa Ahebri ndiyo yolembedwa m'Chigiriki chosalala kwambiri m'Chipangano Chatsopano, ndipo imatenga mavesi ake ku Septuagint, osati ku Chihebri. Komabe chaputala 11 chimamujambula Abrahamu monga momwe womasulira wa ku Alexandria anamuonera, mlendo wogona m'mahema pa dziko la eni.

Kodi Chichewa chikanalemba Abramu wakutsidya pa Genesis 14? Zikanakoma m'khutu, ndipo mlaliki akanapeza pogwira. Koma chingwe chikanaduka monga chinadukira m'Chigiriki, ndipo womasulira akanagamula mlandu wa mtsinje, Ebere ndi Habiru umene akatswiri eni ake sanaugamule. Malo ake a zoterezi ndi mawu a m'munsi mwa tsamba. Murray analibe mwayi umenewo, pakuti mabungwe a Baibulo a ku Britain, kuyambira 1804, anali ndi lamulo losindikiza Malemba popanda ndemanga, poopa kukanganitsa mipingo. Mabaibulo atsopano ali nawo mawu a m'munsi, koma tilembo take ndi tating'ono, ndipo wowerenga kutsogolo kwa mpingo satiwerenga mokweza. Zotsala zimagwera mlaliki, ngati anaphunzitsidwa, ndiponso ngati nthawi ilipo zolengeza za msonkhano wa amayi ndi zopereka za masika zisanayambe.

Pali vesi lina pamene dzinali linasowa chifukwa cha kadontho ka inki. Pa Yona 1:9, amalinyero atachita maere m'kati mwa namondwe amamufunsa mneneri kuti ndi wa mtundu wanji, ndipo iye amadzitchula kuti Mhebri. M'Chihebri chilembo cha r ndi cha d zimafanana kwambiri, zimasiyana ndi kangodya kakang'ono kumtunda. Womasulira wa Chigiriki, kapena wokopera mpukutu umene iye anali nawo, anaona d. Mawu oti Ivri anasanduka eved, kutanthauza mtumiki, ndipo chilembo chotsiriza chinawerengedwa ngati chidule cha dzina la Mulungu. Choncho mu Septuagint Yona sanena mtundu wake, amati ndi mtumiki wa Ambuye, pamene akuthawa Ambuye yemweyo pa chombo cha ku Tarisi. Mabaibulo a Chichewa amatsata Chihebri, ndipo Yona wa kwa Chisemphere akadali Mheberi. M'matchalitchi a Orthodox a ku Greece, kumene buku la Yona limawerengedwa lonse pa Loweruka la Pasaka, iye akadali mtumiki.